Mavoliti 12 a Fyuzi

Tsiku limene anakumba dzenje kuseri kwa khola, palibe amene anamuthandiza. Anakumba yekha, anathiramo mazira 60, n'kukwirira. Onse anali atasukusa. Fungo lake linadumpha mpanda, ndipo mayi woyandikana nawo anafunsa mokweza ngati pafa galu.

Inu amene zinthu zakukanikani chaka chino, khalani pansi kaye. Nkhaniyi ndi yanu.

Mtsikanayo ankamutchula kuti Fyuzi. Anamupatsa dzinali ndi mlamu wake, mwamuna wa achemwali ake, amene anali ndi shopu yokonza mawailesi ndi mafoni. Chaka chimenecho mtsikanayo analephera mayeso omaliza a sekondale, ndipo phunziro limene linamugwetsa linali la sayansi, lomwe ankalikonda kuposa onse. Zotsatira zitatuluka mlamuyo anati, "Mutu ulipo, koma ukangotentha pang'ono umadula ngati fyuzi." Anthu anaseka, dzina linakakamira.

Bambo ake anali atamwalira. Banja linkadalira nkhuku za amayi ake. Gulu la amayi oweta nkhuku linawapatsa bokosi loswetsa mazira, loyendera batire ndi sola. M'kati mwake munali kachotenthetsera, kafani, ndi kabolodi kakang'ono koyang'anira kutentha. Pambali pake panalembedwa kuti limafuna mavoliti 12.

Sabata yoyamba, dzuwa likuswa mtengo, kabolodiko kanapsa. Mlamu anakakonza. Ananena kuti sola ikadzaza batire, mphamvu imakwera mpaka 14 n'kupitirira, ndipo bokosilo silingapirire.

Nthawi imeneyo ntchito ya Fyuzi m'shopu inali kusesa ndi kupukuta fumbi pa mawailesi akufa. Koma maso ake ankakhala pa manja a mlamu wake. Anapempha kuti apange yekha kachipangizo kotsitsa magetsi. Anakapanga masiku anayi. Anakayesa masana, batire ikuwerenga 14, ndipo kanatulutsa 12 ndendende. Anavina pakhonde. Amayi ake anamukhulupirira, anaika mazira 60.

Masiku 21 anakwana, m'bokosi muli zii. Anadikira ena anayi. Kenako ndi lija dzenje.

Madzulo a tsiku lomwelo banja linakhala pakhonde. Mlamu anabwera ndi achemwali ake kudzapepesa.

"Amayi, vuto si bokosi," anatero mlamuyo. "Chimene chimapha zipangizo ndi magetsi ochuluka, ndipo ife tinawatsitsa. Vuto ndi tambala wanuyu. Amangodziwa kulira ndi kudya."

"Ndimupha Loweruka," amayi anatero.

Fyuzi akanatha kukhala chete. Tambala sakanadziyankhira. Koma asanakwirire dzenje lija anali ataswa mazira asanu, ndipo m'mazira anayi anapezamo tianapiye tosamaliza kupangika.

"Tambala anagwira ntchito yake," anatero akuyang'ana pansi. "Anapiye analimo. Anafera m'njira. Ndi kachipangizo kanga."

Amayi ake sanakalipe, ndipo zimenezi zinawawa kuposa kukalipa. Anangoti, "Azakhali ako akufuna munthu wowalerera ana. Akubwera pakatha mwezi umodzi. Upita nawo, mwanawe. Za mawayazi zakukana."

Kwa azakhaliwo kunali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Fyuzi ankadziwa kuti mtsikana amene wapita kukalera ana a eni sabwerera kudzagwira waya.

"Ndipatseni mazira ena," anatero.

"Uwaphenso?" anafunsa achemwali ake.

Mlamu anakanda ndevu. Ankakonda kumunyoza, koma zija za tambala zinamukhudza. "Amayi, mupatseni. Akaswa, ndimupatsa malo pa benchi yanga, tsache ndipatsa wina. Akapanda kuswa, chikwama chake ndinyamula ndekha kupita ku basi."

Amayi anawerenga misoti yawo ndi maso. "Ndisonkhanitsa mazira masiku khumi. Ukapanda kukonzeka, ndigulitsa."

M'mawa mwake Fyuzi anapita kukabwereka mita yoyezera magetsi.

"Ukaiwotcha ukwatiwa nayo," anatero mlamu.

"Bola iyo, alamu. Sinama."

Anatenga kope lake lakale la sayansi, anatembenuza kumapeto kumene kunali masamba oyera, n'kujambula mizere iwiri. Mbali ina mphamvu ya batire, mbali ina imene ikulowa m'bokosi. Anayatsa bokosi lopanda mazira n'kuyamba kulemba ola lililonse.

Masana zonse zinali bwino. Batire 14, bokosi 12. Dzuwa litapendeka batire inatsika kufika 13, ndipo bokosi linkalandira 11 ndi theka. Dzuwa likulowa bokosi linali pa 11.

Tsiku lotsatira anadzuka m'bandakucha, tambala uja akulira ngati akumuthokoza. Anapita kuchipinda chimene munali bokosi. Kafani kanali kataima. Kanyali ka pa bolodi kanali katazima. Anaika dzanja m'kati, munali mozizira ngati m'kabati. Batire inkawerenga 11 ndi pang'ono, bokosi linkalandira zosakwana 10.

Anakhala pansi n'kudikira. Dzuwa litangogunda sola padenga, kanyali kanayaka, kafani kanayamba kuzungulira, bokosi linayamba kufunda. Pamene amayi ake ankadzalowa ndi tsache, linali likung'ung'udza bwinobwino ngati mwana amene sanabe kanthu.

Masabata atatu onse aja, mazira ankazizidwa m'mawa uliwonse anthu asanadzuke.

Kachipangizo kake kankadziwa chinthu chimodzi, kuchotsa. Ukakapatsa 14 kankachotsa n'kusiya 12. Ukakapatsa 11 kanalibe poti katenge zowonjezera, ndipo kankadyanso kagawo kake. Onse m'banjamo, ngakhale mlamu amene anakonza mawailesi zaka khumi ndi zisanu, ankaopa magetsi ochuluka chifukwa amanunkha ndi kutulutsa utsi. Magetsi ochepa amapha mwakachetechete. Ndipo iye anayesa ntchito yake kamodzi kokha, pa ola limene batire inali yokhuta.

Analira, koma pang'ono. Tsopano ankamudziwa mdani wake.

Pansi pa benchi ya mlamu panali katoni ya zinthu zakufa, imene ankaitchula kuti manda. Fyuzi anaikhuthula. Anapezamo chaja ya laputopu, ya mtundu uja wolumikiza m'galimoto, imene imatenga mphamvu ya batire n'kuikweza kufika 19. Waya wake unali woduka, koma m'kati inali yamoyo.

"Ngati vuto ndi kuchepa," anaganiza, "ndikweze."

Anaitsegula, anasintha kachidutswa kamodzi kuti izikweza kufika 12 basi, anachotsa kachipangizo kake kakale n'kuika iyi. M'bandakucha batire inali pa 11, bokosi pa 12, m'kati mofunda. Anathamanga kukadzutsa amayi ake.

Masana ali kuchapa, anamva kafani kakulira ngati kakufuna kuuluka. Anathamanga manja ali thovu lokhalokha n'kuzula waya. Mita inkawerenga pafupifupi 14. Chaja ija inkadziwa kukweza kokha. Batire ikaipitirira, inkangotsegula njira kuti zonse zidutse.

Masiku anayi anali atapita. M'dengu la amayi munali mazira 19.

Ndiye anali ndi zipangizo ziwiri, china chotsitsa, china chokweza, ndi batire imene tsiku lililonse inkadutsa pa 12 kawiri, pokwera ndi potsika. Anaganiza zoziika zonse, n'kuika pakati kachitsulo kosinthira kokha, koti batire ikakwera kapereke ntchito kwa chotsitsa, ikatsika kapereke kwa chokweza. Pa pepala zinkaoneka zokongola. Anajambula ndi kamaluwa m'mbali.

Zinagwira m'mawa. Zinagwira masana. Koma chakumadzulo, batire itafika pakatikati, kachitsuloko kanasokonezeka. Kachotenthetsera kakayaka batire inkatsika pang'ono, kachitsulo n'kulumphira uku. Kakazima batire inkakwera pang'ono, n'kulumphira uko. Ta, ta, ta, ta, osaleka.

"Kodi m'bokosimo mwalowa chiwala?" anafunsa amayi ake ali pakhomo.

Fyuzi anazimitsa zonse n'kukhala pa chitini.

Apa ndikanakonda ndikuuzeni kuti panatulukira mnyamata wamaso ofatsa, wophunzira zamagetsi, n'kumugwira dzanja n'kumuonetsa njira. Ndikanalemba zimenezo ndi mtima wonse. Koma sanabwere. Chimene chinabwera ndi chidebe.

"Mpopi ukungotsokomola," anatero amayi ake. "M'malo moyang'anizana ndi bokosi, kapemphe madzi kuseriko."

Mpopi wa kwawo unali wa makhalidwe ake. Tsiku lina unkalavula madzi mwaukali mpaka kunyowetsa siketi, tsiku lina unkangodontha. Fyuzi anazungulira mpanda n'kulowa kwa mayi uja anafunsa za galu. Anatchera chidebe, anatsegula, madzi anatuluka mofatsa, osathamanga, osadukiza.

"Kwanu kuno madzi alipo bwanji?" anafunsa. "Paipi si imodzi yomweyi?"

"Imodzi yomweyo," anatero mayiyo akuyanika zovala. Analoza thanki imene inali pamwamba pa nsanja yachitsulo. "Ife sitidziwa ngati lero afooka kapena alimba. Kapampu kamawakweza kaye kumwambako. Akakhala kumwamba, kutsika savuta."

Fyuzi anayang'ana thanki ija nthawi yaitali. Chidebe chinadzaza, chinasefukira, madzi anafika pa mapazi a mwini nyumba.

"Iwe, ukufuna undikumbire dziwe?"

Anapepesa, ananyamula chidebe, theka la madzi linatayikira m'njira.

Iye ankavutika kufunsa kuti ndi liti pofunika kukweza, ndi liti pofunika kutsitsa. Funsolo linali losafunika. Akweze nthawi zonse, kufika pamwamba pamene batire singafike ngakhale itakhuta bwanji. Akatero atsitse nthawi zonse. Chotsitsa chija sichinali cholakwika, chinkangosowa malo otsikira.

M'mawa Fyuzi anafika kushopu mlamu asanatsegule. Anabwezeretsa chaja ija kuti izikweza kufika 19 monga kale, n'kulumikiza kachipangizo kake koyamba kutsogolo kwake.

Mlamu anaona pepala limene Fyuzi anajambulapo zimenezi n'kuvula magalasi. "Bokosi linapsa ndi 14. Iwe ukufuna ulipatse 19. Kodi kusukulu kuja unalephera kuwerenga manambala komwe?"

"19 yo sifika kubokosi, alamu. Ithera m'njira."

"Ndiye ukukwezeranji chinthu choti uchitsitsenso? Ntchito ya munthu wopanda chochita."

"Bweretsani batire yofooka ndi yodzaza."

Anabweretsa. Fyuzi analumikiza yodzaza, mita inati 12. Analumikiza yofooka, imene ankafuna kutaya, mita inati 12. Mlamu anafufuza ina yapakatikati, ya njinga yamoto ya kasitomala, mphamvu yake ili pomwe paja chiwala chinkalira. Mita inati 12, osagwedera.

Anaitenga mita ija, anaigwedeza, anaimenya pa chikhatho. "Yafa iyi. Wandiwonongera."

Anaiyesa pa batire payokha, inawerenga bwinobwino. Kenako anagwira kachipangizoko ndi chala n'kuchichotsa msanga.

"Kakutentha," anatero, ndipo mawu ake anali atasintha. Sankanyoza, ankalankhula ngati akulankhula ndi mmisiri mnzake. "Kukweza ndi kutsitsa kukudya mphamvu. Batire ya amayi ikhala ikutha msanga. Waganizapo?"

Fyuzi anali asanaganizepo. Masiku atatu otsala anathera pamenepo. Anamangirira kachipangizoko pa chitsulo chopepuka chimene anachotsa m'wailesi yakufa, kuti kutentha kuzifalikira. Anakuta bokosi ndi makatoni ndi bulangete lakale, n'kusiya timabowo ta mpweya, kuti kachotenthetsera kasamayake pafupipafupi. Anaikanso kodulira magetsi batire ikafooka kwambiri, kuti asapulumutse mazira n'kupha batire. Kenako anayatsa bokosi lopanda kanthu n'kulemba m'kope tsiku lonse. Mzere wa batire unkakwera ndi kutsika. Mzere winawo unali 12, 12, 12, mpaka kutopetsa.

Amayi ake anabweretsa dengu. Munali mazira 48.

"Awa ndi otsiriza," anatero. Anawaika okha, limodzilimodzi, kenako anatuluka osayang'ana m'mbuyo.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, Fyuzi anatchinga zenera ndi nsalu masana, anatenga tochi n'kuunika dzira limodzi. M'kati munali timitsempha tofiira tofalikira ngati mizu, ndipo pakati pake kadontho kakuda kanasuntha. Anaitana amayi ake. Anayang'ana onse awiri, mitu itagundana.

Sabata yachiwiri kunachita mitambo. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, dzuwa osaoneka. Bokosi linkalandirabe 12, koma batire inkatsika tsiku ndi tsiku. M'mawa wa tsiku lachinayi inali pafupi ndi pamene kodulira kaja kakanazimitsa zonse. Fyuzi anatuluka panja kukayang'ana kumwamba. Kunali bii. Palibe chimene luso lake likanachita. Chipangizo chingakweze mphamvu yofooka, koma sichingapange mphamvu imene kulibe.

Anamva kulira kwa wilibala pa geti. Anali mlamu, thukuta lili kamukamu, akukankha batire yaikulu ya kushopu, imene ankayatsira nyali ndi chitsulo chowotcherera mawaya, magetsi akazima.

"Usandiyang'ane choncho," anatero. "Sindinabwerere iwe. Ndabwerera anapiye."

"Nanga kushopu mugwira ntchito bwanji?"

"Ndiwauza makasitomala kuti ndili ku matenda."

Anasinthitsa mabatire mofulumira, bokosi silinazizire. Patapita masiku awiri dzuwa linabwerera.

Azakhali anafika tsiku la 20, atatenga chikwama chopanda kanthu choti mtsikanayo alongedzemo zovala. Anali munthu wabwino, wotopa, wa ana anayi. Anaona bokosi lokutidwa ndi bulangete, mawaya, ndi kope.

"Mwana wa mchimwene wanga," anatero, "kwathu ukadya bwino, ukagona pabwino. Izi zikupatsa chiyani?"

"Mawa ndikuyankhani, azakhali."

"Basi inyamuka mkuja m'mawa."

Tsiku la 21 linacha. Fyuzi anaika khutu pa bokosi. Anamva kafani kokha. Anayeza, 12. Anasesa pabwalo, anabwerera, kafani kokha. Anatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. Azakhali anayamba kupinda zovala zake mwakachetechete, kuti amuchepetsere ntchito.

Dzuwa litakwera pang'ono, amayi ake ndi amene anamva. Anali akudutsa pakhomo la chipindacho ndi beseni. Anaima, anatula beseni pansi, n'kukweza chala kuti onse akhale chete.

Kamawu kakang'ono, kosongoka, kanachokera m'bulangete. Kenako kena.

Kudzera pa kagalasi ka bokosi, anaona dzira limodzi litaboola, kamlomo kakugogoda. Lina linali litang'ambika pakati, ndipo kanthu konyowa, konyansa, kokongola kuposa chilichonse chimene Fyuzi anaonapo, kankayesa kuimirira n'kumagwa.

Pofika tsiku lotsatira anaswa 39. Asanu ndi anayi sanaswe, ndipo Fyuzi anawalemba m'kope, chifukwa ankafuna kudziwa chifukwa chake.

Azakhali anakhuthula chikwama chija n'kubwezera zovala pa bedi. "Ndiye ana anga andilerera ndani?" anafunsa, koma akumwetulira.

"Tifunsa kwina," anatero amayi. "Uyu ali ndi ntchito."

Lolemba Fyuzi anafika kushopu n'kupita kukona kumene kunkakhala tsache. Mlamu anali atasuntha mawailesi atatu kumapeto kwa benchi, n'kusiya malo okwana zigongono ziwiri. Panali mpando wopanda chotsamira ndi chitsulo chowotcherera chakale.

"Ukufuna chiyani kukonako?" anafunsa osadzutsa mutu. "Pali mayi wina wa gulu la nkhuku wabwera kawiri. Bokosi lake likuchita zomwe zija. Ndamuuza kuti mmisiri wake afika 8 koloko, ndipo wachedwa ndi mphindi zisanu."

Fyuzi anakhala pampandopo. Anatenga chitsulo chowotcherera chija.

Lero mabokosi a amayi onse a m'gulu lija akuyendera zipangizo zake. Wapanganso za mafiriji ang'onoang'ono ndi makina osokera oyendera batire. Anaphunzira kuti pali tizipangizo timene timakweza ndi kutsitsa m'kabolodi kamodzi, ndipo tsopano amagwiritsa ntchito timeneto. Madzulo amapita kukalasi, akukonzekera kulembanso mayeso aja. Sanalemere, sanatchuke. Koma m'mawa akamadutsa mumsewu ndi chikwama cha zida paphewa, anthu amamuimitsa kuti amufunse nzeru.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina dzina lanu silinatuluke. Mwina munayesa kanthu, kanafa m'manja mwanu anthu akuona, ndipo kunyumba ayamba kale kukambirana koti akutumizeni. Ndikudziwa kuti mukufuna zisinthe lero lomwe, ifenso timafuna choncho. Koma musachoke musanadziwe chimene chinalakwika. Pemphani mpata wina ngakhale mawu akunjenjemera. Akakupatsani, dzukani msanga mukayambirenso.

Mtima wanuwo musautaye. Ukufunika mawa m'mawa.